Jekete yanga idikire chiperoni

 Lero sindikamba za nandolo kapena mtengo wa tomato ayi. Lero nkhani ndi ya zovala. Musaseke. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti mlimi wa ming'alu kumapazi akudziwa chiyani za kutchena. Khalani pansi mumve kaye.

Mwana wa mlongo wanga, uja amagwira ntchito m'tauni, akumanga ukwati woyera mwezi uno wa Okutobala. Mkazi anamupeza konkuno, ndiye zonse zichitikira kumudzi. Ine ndine malume wake, unkhoswe uli pamutu panga. Lamulungu lapitali pagulu lathu la WhatsApp panagwa uthenga wochokera ku komiti: amuna onse a kuchimuna abwere atavala suti yakuda, shati yoyera ndi tayi wofiira. Pansi pake anaikapo chithunzi cha anyamata anayi a kunja ataima pakapinga, kumbuyo kwawo kuli mitengo yoyoyoka masamba. Anthu anayamba kuombera m'manja. Ine ndinangolemba kuti, "Ine suti ayi." Gulu lonse zii. Sipanathe mphindi zisanu mlamu wanga anaimba: "Alamu, chonde musatichititse manyazi pamaso pa akuchikazi."

Pafoni sindinathe kufotokoza bwino chifukwa mayunitsi anali kutha. Ndiye ndayankhira pano kuti aliyense amve, ndi akuchikazi omwe.

Mwina ena mwakhalitsa m'maofesi a mphepo yozizira, mwaiwala Okutobala wa kwathu. Chiperoni chija chimatiwothetsa moto mu Juni ndi Julayi chinapita kalekale. Pano ikamakwana 9 koloko m'mawa dzuwa limakhala likuswa kale mtengo. Nyenje zili kulira m'mitengo ya mango, malata akuthetheka padenga, nkhuku zayasama pansi pa nkhokwe, ngakhale galu alibe mphamvu zokuuwa. Ife kumunda timalawira kusanache kukagalauza, pofika 8 koloko khasu lili paphewa tikubwerera. Zoona, ife si a ku Nsanje kapena ku Chikwawa kumene kutentha kumafika madigiri 40, kuno ndi kumtunda ndipo madzulo kamphepo kamabwera kuchokera kuphiri. Koma ukwati suchitika madzulo. Kutchalitchi timalowa m'mawa, kenako zithunzi padzuwa, kenako madyerero kuyambira 1 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Tenti ndi ya akwati ndi alendo olemekezeka. Enafe timakhala pabwalo, ndipo nkhoswe sakhala pansi: perekani-perekani akayamba amakuitana kuti uvine ndi lichero, abwere a kumpingo uvine nawo, abwere a kuntchito uvinenso.

Chaka chatha mwezi ngati uno ndinali pa ukwati wina mudzi woyandikana nafe. Dzina sinditchula. Bambo wina wamkulu, munthu waulemu wake, anabwera ndi suti ya zidutswa zitatu, yaubweya, yolemera ngati bulangete. M'mawa tonse tinati eee, bambo awa atchena. Pofika masana nkhope inali itachita mbuu, thukuta likutsika m'khosi, kolala yonse yanyowa. Akazi awo anawanong'oneza kuti avule jekete, iwo anakana. Ali mkati movina anangoti khu pansi. Amayi anathamanga ndi zitenje kuwakupiza, wina madzi, wina kumasula tayi. Atawavula jekete ija ndi pamene tinadziwa chifukwa chimene ankakanira: shati inali yosita kutsogolo kokha, kumsana inali yong'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Chikomekome cha mkuyu. Anatsitsimuka, Mulungu ndi wabwino, koma mpaka lero akamadutsa pamsika ana amagwirana pakamwa. Ine sindinaseke. Ndinaona kuti mawa lake akhoza kukhala ine.

Tifunsane chilungamo: masuti timavala kumudzi kunowa amachokera kuti? Ambirife sitigula m'sitolo. Timakasankha pakaunjika ku Limbe, kapena tsiku la msika ku Mbulumbuzi belo likatsegulidwa. Zovala zimenezo zinasokedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene kumagwa chisanu choti madzi amauma gwa. Mwini wake woyamba ankaivala potuluka m'nyumba yotenthetsedwa, kukwera sitima, kulowa mu ofesi. Sankakwera nayo kabaza pamsewu wafumbi. Ndiye ife tikuitenga suti ya chisanu cha ku London n'kukaimika padzuwa la Chiradzulu. Ndi chimodzimodzi kubzala mbewu ya dera lina osafunsa ngati ikugwirizana ndi nthaka yako. Tsono pali ena atsopano otchipa aja, onyezimira ngati pepala la switi. Amenewo ndiye oopsa kuposa aubweya, chifukwa ndi poliyesitala yekhayekha, kunena kwina pulasitiki. Ukavala uli ngati walowa m'jumbo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pa nsalu. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta. Thukuta likatuluka n'kuuma ndi mphepo, kutentha kumachoka nalo. Nsalu ya thonje imamwa thukutalo n'kulola mphepo kudutsa, ndiye umamva kupepuka. Nayiloni ndi poliyesitala wa masuti otchipawa samwa madzi, thukuta limangotsetsereka pakhungu, ndipo pofika masana fungo lake ngakhale mafuta onunkhira a ku Joni sangalibise. Jekete ngakhale ikhale ya nsalu yabwino kunja, mkati mwake amaikamo kansalu koterera kaja, ndipo nthawi zambiri n'kapulasitiki komweko. Onjezani mtundu wakuda umene umakoka dzuwa. Amene anayanikapo chimanga papepala lakuda akudziwa zimene ndikunena.

Ukafuna kudziwa nsalu pakaunjika, usadalire mawu a wogulitsa. Yang'ana kachikwangwani ka m'khosi kapena ka m'mbali mkati. Pakalembedwa 100% cotton, ndiye thonje limenelo. Pakalembedwa linen, tola msanga usanaonetse kuti wasangalala, mtengo ungakwere. Imeneyo ndi bafuta uja timamumva m'Baibulo, ndipo pa nyengo yotentha palibe yoiposa, kungoti imakwinyika msanga. Kachikwangwani kakakhala kodula, finya nsaluyo m'dzanja n'kuitaya: thonje limatsala ndi makwinya, pulasitiki amabwerera mwakale ngati sunamukhudze. Ikweze kudzuwa uone ngati kuwala kukudutsa, uuzire mpweya uone ngati ukufika kudzanja. Agogo anga aakazi anali ndi njira ina. Ankasolola kaulusi kamodzi mkati mwa msoko n'kukayatsa. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pomwe nayiloni amasungunuka, kununkha ngati jumbo yopsa, n'kusiya kanthu kolimba. Koma imeneyi kachitireni kunyumba mutalipira. Mukayatsa machesi pamulu wa mwini wake, mbama yake musadzanditchule.

Chimandiwawa n'chakuti thonje timalima tokha m'dziko muno, ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka, ku Salima. Akuluakulu mukukumbuka nsalu za David Whitehead ku Blantyre, khaki uja ankatha zaka mwana akupatsira mng'ono wake. Lero mlimi wa thonje yemweyo akupita ku ukwati atavala pulasitiki wochokera kutsidya la nyanja.

Tsopano ndibwere kwa mlamu wanga, chifukwa mfundo yake si yopusa. Iye akuti suti ndi ulemu. Ndikuvomera, ndipo anthu a ku Chiradzulu tili ndi chifukwa chomvera choncho kuposa ena. Tulutsani K2000 m'thumba, ngati ilimo, muone munthu ali pamenepo. John Chilembwe ndi wa boma lathu lino. Anapita ku America mu 1897, anabwerako mu 1900 n'kuyambitsa PIM ku Mbombwe. Pazithunzi zake zodziwika ndi munthu wa suti, ndipo ankafuna kuti anthu ake azivala mwaudongo. Nthawi imeneyo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa. Nkhondo ya 1915 itatha, boma la atsamunda litakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinayambitsa, nkhani ya chipewa inali m'gulu la madandaulo amene anthu anapereka. Pali chithunzi cha mu 1914 pamene Chilembwe waima ndi mzungu wamishoni John Chorley, chipewa chili kumutu. Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaumba chifanizo kuchokera pachithunzi chimenecho, ndipo mu 2022 anachiimika pa Trafalgar Square pakati pa London. Choncho ndikamva munthu akuti suti ndi ulemu, ndimadziwa kumene mawuwo achokera.

Bambo anga omwe anali wa Wenela. Atabwera ku migodi anabwera ndi sutikesi yachitsulo, mkati muli suti yotuwa ndi chipewa. Ankaivala pa Khirisimasi, mudzi wonse unkadziwa kuti mwamuna anapita kukagwira ntchito ndipo sanabwere chimanjamanja. Suti imeneyo ndili nayo mpaka lero. Kenako tinakulira pansi pa Kamuzu, amene sitinamuonepo wopanda suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa chake chija, ngakhale poyendera minda dzuwa lili phwee. M'zaka za m'ma 1970 boma linafika mpaka poika malamulo a kavalidwe. Amayi buluku ndi siketi yaifupi zinali zoletsedwa, abambo tsitsi lalitali ndi mabuluku otambalala kumiyendo aja ayi. Malamulowo anachoka pamene matipati ambiri ankabwera, koma m'mitu mwathu munatsala kuti mwamuna weniweni pamwambo ndi wa jekete ndi tayi.

Koma taganizani bwino za Chilembwe uja. Chimene anakana ndi choti munthu wina azimuuza nthawi yovala ndi yovula chipewa chake. Sanamenyere nkhondo yoti adzukulu ake azikomoka padzuwa poopa kusekedwa. Ngati lero ndikuvala chinthu chondipweteka chifukwa chithunzi cha pa intaneti chalamula, ndiye kuti ndikuvulirabe wina chipewa, kungoti pano wondilamulayo ali m'foni.

Ndipo si ine ndayamba. Kenneth Kaunda wa ku Zambia anayenda dziko lonse lapansi ndi suti yake yopanda tayi ija, mpaka inatenga dzina lake. Nelson Mandela ankakumana ndi mafumu ndi mapulezidenti atavala malaya amaluwamaluwa otulutsa kunja kwa buluku. Ndani anati Mandela watichititsa manyazi? Ku Japan, dziko la anthu okonda suti, boma linauza ogwira ntchito mu 2005 kuti nyengo yotentha azisiya jekete ndi tayi kunyumba kuti asamawononge magetsi pozizirita maofesi. Kwathu konkuno mu 2016 boma linayamba kulimbikitsa zogula katundu wa m'dziko muno, ndipo kuyambira pamenepo Lachisanu ambiri m'maofesi mumavala malaya a chitenje. Inu a m'tauni amene mwalamula suti, Lachisanu mumavala chiyani? Ndimaziona zithunzi zanu pa Facebook pompano.

Ndiye ndivala chiyani? Ndikuuzeni, kuti musaganize kuti ndibwera ndi malaya a kudimba.

Ndagula nsalu ya thonje yamtundu wa mtambo wowala, mamita awiri, ndipo ili kale kwa atelala athu a pakhonde la golosale. Yoyera mbee ndaikana dala. Pakabaza kuchokera kuno kukafika kutchalitchi, choyera chimafika chili chofiira. Malaya ake akhala a manja aafupi, ovala kunja kwa buluku, odulidwa mowongoka m'munsi, ndi kolala yoimirira yosafuna tayi. Pakolala ndi pathumba aikapo kachidutswa ka chitenje chomwe amayi a kuchimuna asankha, kuti aliyense aone kuti ndine wa mbali iti. Ndinawauza atelala kuti pamimba pazilowa chibakera, chifukwa mphepo imafuna poyenda. Koma paphewa pakhale ndendende. Apa ndi pamene amuna ambiri timalakwitsa. Chovala chikakhala chachikulu paphewa umaoneka ngati wabwereka kwa achimwene, ngakhale uchigule ndalama zingati. Msoko wa phewa uzithera pamene phewa lako lathera, basi.

Buluku ndi la khaki, la pakaunjika, thonje lenileni. Linali lalitali, atelala alidula kuti lizingokhudza nsapato osakolopa pansi. Lamulo langa ndi lakuti malaya akamalankhula, buluku likhale chete. Ukavala chitenje cha maluwa kumtunda, kumunsi kukhale kwa mtundu umodzi: khaki, lotuwa kapena labuluu wakuda. Osati kumtunda maluwa, kumunsi mizeremizere, kumapazi zofiira, ngati munda wosakaniza chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe. Kumunda kusakaniza n'kwabwino, pathupi ayi.

Mkati ndivala vesiti yopyapyala ya thonje. Ena amati vesiti imawonjezera kutentha, koma ine ndinaona kuti ndi imene imamwa thukuta kuti malaya asachite mapu kumsana ndi m'khwapa. Nsapato ndi zachikopa zofiirira, lamba wa mtundu womwewo, masokosi opyapyala. Nsapatozo ndizipukuta usiku, ndizinyamula m'jumbo, ndiyenda ndi nkhwayira mpaka pamtengo wa mango uli pafupi ndi tchalitchi, pamenepo ndiye ndisintha. Amayi athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, ife amuna timangochita manyazi. M'thumba mipango iwiri, wina wa m'mawa wina wa masana. Kumutu chipewa cha mlaza cha mlomo waukulu, cholukidwa bwino, chimene ndivula polowa m'nyumba ya Mulungu mwa kufuna kwanga. Zonsezi zisitidwa ndi nsimbi ya makala, kutsogolo ndi kumsana komwe, ndipo mayi a kunyumba anena kale kuti nsimbiyo agwira okha chifukwa ine ndinabowolapo buluku ndi kakhala ka moto. Kumeta, kusamba ndi sopo, kuwenga zikhadabo. Mwamuna wotero akaima pakati pa anthu khumi a masuti akuda onyowa, mudzandiuze amene adzaoneke kuti ndi mwini mwambo.

Anyamata inunso musabisale. Ndimakuonani pamsika masana dzuwa lili paliwombo, mwavala chijuzi chokhala ndi chipewa chake, chisoti chaubweya kumutu, jombo zazikulu, buluku lothina ngati mwabadwa nalo. Mukuti mukufanana ndi oimba a m'mavidiyo. Iwo aja akajambula amakalowa m'galimoto yozizira, inu mukupalasa njinga mpaka ku Namitambo. Tisheti ya thonje yokukwana bwino, jinzi yopepuka yosathina, nsapato zochapa, mwatha. Mtsikana amayamba kumva fungo asanaone dzina lolembedwa pachifuwa.

Tsono nkhani imene sindinafune kuinena pagulu la banja, koma ndiinena pano. Ndalama. Okutobala si mwezi wa masewera kwa mlimi. Mvula ili pakhomo, Novembala akangolowa tiyamba kuyang'ana kumwamba. Ino ndi nthawi yogula mbewu ndi feteleza, ndipo palibe amene amadziwa ngati dzina lake lituluke pamndandanda wa zipangizo zotsika mtengo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chimene chinatsala pamtengo wakale. Ngakhale kaunjika amene tinkati ndi wa amphawi anakwera mpaka ogulitsa okha anakachita zionetsero ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu Febuluwale 2025. Ndinafunsa mtengo wa suti yakuda, shati ndi tayi ku Limbe. Nditawerengera, ndinapeza kuti ndi feteleza amene akanandithandiza pamunda wanga wa kuseri kwa nyumba. Amuna a kuchimuna okhala kumudzi kuno tilipo asanu ndi awiri. Awiri ndikudziwa kuti ayamba kale kunong'oneza akazi awo kuti akatenge ngongole ku banki m'khonde. Wina akufuna kugulitsa thumba la nandolo limene anasungira fizi ya mwana. Onsewa pagulu anaombera m'manja, chifukwa palibe mwamuna amafuna kulemba pamaso pa alamu ake kuti sindingakwanitse. Ndiye ndalemba ine m'malo mwawo. Suti ya tsiku limodzi sidzabereka chimanga, ndipo mu Febuluwale nkhokwe ikadzati mbee, a komiti mudzakhala muli m'tauni.

Sindikudana nanu abale a m'tauni. Mumatithandiza, pamaliro mumabwera, odwala mumawalandira. Ndipo zovala zimene mumatitumizira timayamika. Kungoti mukamasankha, muzikumbuka kuti kuno kulibe mphepo ya m'makina. M'malo mwa jekete yachitatu, tumizani mamita awiri a nsalu yabwino, ndalama yosokera idyedwe ndi telala wa konkuno amene ana ake amaphunzira ndi ana athu.

Mkwati yekha avale suti, ndi tsiku lake, ndipo adzakhala pamthunzi pali wina womukupiza. Amene ali nayo kale suti yake ndipo thupi lake limapirira, avale, sindimuletsa. Inenso ya bambo anga ija ndidzaitulutsa mu Juni chiperoni chikadzabwera, mudzandiona kutchalitchi ndili chilili ngati nduna. Chimene ndikukana ndi lamulo loti tonse tifanane ndi chithunzi.

Dzulo usiku mkwati mwini wake anandiimbira. Ndinkayembekeza mkangano. Anangoseka n'kuti, "Amalume, ine za suti sizinachokere kwa ine. Bola musabwere ndi gambutsi." Komiti sinayankhebe, mlamu wanga akuwerenga mauthenga anga koma sakuyankha. Pakadali pano amuna atatu apita kale kukayezetsa kwa atelala aja. Iwo akuti amene akufuna malaya otere abweretse nsalu sabata ino isanathe, chifukwa ali ndi madiresi a amayi khumi ndi awiri pamzere, ndipo makina awo ndi opalasa ndi phazi. Anga ndikatenga Lachinayi ndikamachokera kothirira tomato. Chithunzi ndidzaponya pompano.